Herbert Chapman, Mmisiri Womanga Timu ya Mpira

Nyengo ya mpira ikatha, msika wogula ndi kugulitsa osewera nutsegulidwa, pamabuka mkangano umodzi paliponse pamene okonda masewerawa akumana. Pa boma la Chitipa, ku Misuku, ku Nthalire ndi ku Kameme, anyamata amene angotsiriza sukulu pamodzi ndi aphunzitsi awo amatsutsana za wosewera amene timu yawo iyenera kugula, amene iyenera kumutaya, ndiponso ngati woyendetsa timuyo ayenera kukhalabe pa ntchito. Ena amakamba za Chitipa United, ena za Bullets ndi Wanderers, ndipo ambiri amakamba za matimu a ku England amene amawaonera pa kanema. Ochuluka mwa iwo amakhulupirira kuti timu imalimba ikangogula wosewera wa dzina lomveka. Mkangano umenewu si wa lero. Munthu amene adauyankha ndi ntchito za manja ake adamwalira mu 1934, ndipo dzina lake ndi Herbert Chapman. Iye ankayamba wadziwa kaseweredwe kamene akufuna, kenaka n'kuona malo amene alibe mwini m'timu, ndipo pomalizira pake m'pamene ankafunsa dzina ndi mtengo wa wosewera.

Mwana wa ku mgodi

Herbert Chapman adabadwa pa 19 Januwale 1878 m'mudzi wa Kiveton Park, pafupi ndi mzinda wa Sheffield kumpoto kwa England. Atate ake ankakumba malasha mu mgodi, ndipo m'banja mwawo mudabadwa ana 11. Anyamata ambiri a m'mudzimo akasinkhuka ankatsata makolo awo pansi pa nthaka, koma Herbert adali wakhama pa sukulu, kotero kuti adapitiriza maphunziro ku Sheffield Technical College kumene adaphunzira uinjiniya wa m'migodi. Mu 1905 adakwatira Annie Poxon, amene adali mphunzitsi, ndipo adabereka ana anayi.

Pa bwalo la mpira Herbert sadali katswiri. Luso la m'banjamo lidagwera mng'ono wake Harry, amene adatchuka ku Sheffield Wednesday. Herbert ankangoyendayenda: adasewera ku Grimsby Town, Swindon Town, Northampton Town, Sheffield United, Notts County ndi Tottenham Hotspur, osakhalitsa kulikonse. Koma kuyenda n'kuona. M'maulendo amenewa adaphunzira m'mene makalabu ankayendetsedwera. Masiku amenewo osewera a tsiku la mpikisano ankasankhidwa ndi komiti ya eni kalabu, amene ambiri adali amalonda a m'tauni. Mlembi wa kalabu ankangolemba makalata ndi kukonza maulendo, ndipo osewera ankalowa m'bwalo popanda kupangana kwenikweni za m'mene agonjetsere adani.

Mu 1907 timu ya Northampton Town, imene idathera pansi penipeni pa Southern League zaka ziwiri zotsatizana, idamulemba ntchito kuti akhale wosewera ndiponso manijala. Adali ndi zaka 29. Posakhalitsa adaona kuti anyamata ake akathamangira onse kutsogolo ankangopanikiza adani pa golo pawo, adaniwo n'kudzazana pamenepo, mpata wogoletsa n'kusowa. Motero adalamula osewera a pakati kuti azibwerera m'mbuyo pang'ono kuti adani atuluke, ndipo mpira ukalandidwa uzipita kutsogolo mofulumira. Atakhazikitsa kaseweredwe kameneka, adapempha eni kalabu ndalama nagula osewera okayenera. Mu 1909 Northampton idakhala akatswiri a Southern League. Mu 1911 adatenga Walter Tull kuchokera ku Tottenham, mmodzi wa osewera akuda oyamba mu mpira wa ku England, amene oonerera ena adamunyozapo chifukwa cha khungu lake. Chapman adayang'ana miyendo ndi nzeru za mnyamatayo, ndipo Tull adakhazikika ku Northampton kufikira nkhondo itayamba mu 1914.

Kugwa ndi kudzuka

Mu 1912 Chapman adasamukira ku Leeds City, timu ya mu ligi yachiwiri, ndipo mu 1914 adaifikitsa pa nambala 4. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itakula, adasiya mpira mu 1916 nakayang'anira ntchito pa fakitale ya zipolopolo ku Barnbow. Mu 1919 kudamveka kuti kalabuyo inkalipira osewera mobisa m'zaka za nkhondo, zimene malamulo ankaletsa. Akuluakulu a mpira adaitanitsa mabuku a ndalama, koma eni kalabu adakana kuwapereka. Mu Okutobala chaka chomwecho Leeds City idachotsedwa mu ligi nithetsedwa. Osewera ake adagulitsidwa pa okushoni mu hotela ina ya mumzindamo ngati katundu wa munthu wangongole, ndipo Chapman pamodzi ndi akuluakulu ena adaletsedwa kuchita nawo za mpira moyo wawo wonse. Adali ndi zaka 41, ndipo pa nthawiyo adali atachoka kale ku kalabuyo, akugwira ntchito pa fakitale ina m'tauni ya Selby.

Chiletsocho chidachotsedwa pamene zidaoneka kuti iye adali ku Barnbow pa nthawi ya zolakwazo. Kumayambiriro kwa 1921 timu ya Huddersfield Town idamutenga, poyamba monga wothandiza, ndipo pasanapite nthawi adakhala manijala. Huddersfield idali tauni ya mafakitale a nsalu kumene anthu ambiri ankakonda masewero a rugby koposa mpira, ndipo kalabuyo idatsala pang'ono kutha mu 1919 chifukwa cha kusowa ndalama. Chapman adagula Clem Stephenson kuchokera ku Aston Villa, munthu wa zaka 31 amene liwiro lake lidali litayamba kuchepa. Chimene ankafuna mwa iye chidali mutu: wosewera wodziwa kugawa mpira ndi kutsogolera anzake m'bwalo. Pambali pake adaika George Brown, mnyamata wa zaka 18 wochokera m'mudzi wa migodi, amene anthu sankamudziwa. Adalamulanso kuti timu yachiwiri ndi yachitatu zizisewera monga momwe timu yoyamba imasewerera, kuti mnyamata akakwezedwa asakhale mlendo pa malo ake.

Zipatso sizidachedwe. Mu 1922 Huddersfield idatenga chikho cha FA itagonjetsa Preston North End 1-0. Mu 1924 idakhala akatswiri a ligi yaikulu, italingana mapointi ndi Cardiff City niipambana pa kawerengedwe ka zigoli. Mu 1925 idatenganso ligi, italola zigoli 28 zokha m'masewero 42.

Zaka zisanu za ku Arsenal

Chaka chomwecho timu ya Arsenal ya ku London inkafuna manijala. Idali isanatengepo ligi kapena chikho cha FA, ndipo idali itangothera pa nambala 20 mwa matimu 22. Wapampando wake, Sir Henry Norris, ankadana ndi kugula osewera okwera mtengo, ndipo adanena zimenezi poyera polengeza ntchitoyo m'nyuzipepala. Chapman adailandira pa malipiro a mapaundi 2,000 pa chaka, nauza anthu kuti kumanga timu yopambana kudzatenga zaka zisanu.

Wosewera woyamba amene adamufuna adali Charlie Buchan wa ku Sunderland, wa zaka 33. Sunderland inkafuna mapaundi 4,000, ndipo Norris adakana. Adamvana kuti Arsenal ipereke mapaundi 2,000, kenaka izipereka mapaundi 100 pa chigoli chilichonse chimene Buchan agoletse m'nyengo yake yoyamba. Buchan adagoletsa zigoli 21, motero Sunderland idalandira mapaundi 4,100, kuposa mtengo umene idayamba kutchula. Monga Stephenson ku Huddersfield, Buchan adagulidwa kuti akhale mutu wa timu.

M'chaka cha 1925 chomwecho lamulo la ofusayidi lidasinthidwa. Kale wosewera wolandira mpira kutsogolo ankayenera kukhala ndi adani atatu pakati pa iye ndi mzere wa golo; tsopano adani awiri adali okwanira. Zigoli za mu ligi yaikulu zidakwera kuchoka pa 1,192 kufika pa 1,703 m'nyengo imodzi. Pa 3 Okutobala 1925 Arsenal idathidzimulidwa 7-0 ndi Newcastle United. Pa nthawiyo matimu ankaimika otchinga kumbuyo awiri, osewera a pakati atatu ndi a kutsogolo asanu. Buchan adapereka maganizo akuti wa pakati penipeni abwerere kumbuyo, otchinga akhale atatu, ndipo Chapman adamumvera. Adabwezanso awiri mwa a kutsogolo kuti atseke mpata umene udatsala pakati. Kaimidwe kameneka kakajambulidwa pa pepala kamaoneka ngati zilembo W ndi M, ndipo ndilo dzina limene kadadziwika nalo.

Kuyambira pamenepo wosewera aliyense amene Chapman adagula adali yankho la funso limodzi la kaimidwe kameneka. Pakati pa otchinga pankafunika munthu wamtali, wodekha, amene ntchito yake ndi kuletsa wogoletsa wa adani basi. Adamupeza ku timu yaing'ono ya Oswestry Town mu 1926: Herbie Roberts, pa mapaundi 200. Kumanzere kwake adaikako Eddie Hapgood, mnyamata amene kale ankayendetsa ngolo ya mkaka, wochokera ku Kettering Town mu 1927 pa mtengo wosafika mapaundi 1,000. M'mbali mwa bwalo munkafunika othamanga odziwa kulowa m'kati ndi kugoletsa okha. Kumanja adaikako Joe Hulme wa ku Blackburn Rovers, ndipo kumanzere Cliff Bastin, wa zaka 17, amene adamuona mwangozi atapita kukayang'ana wosewera wa Watford, namugula ku Exeter City mu 1929 pa mapaundi 2,000.

Pamene malo ankafuna munthu wodziwa kale ntchito, Chapman sankaumira. Buchan atapuma mu 1928, adagula David Jack wa ku Bolton Wanderers pa mapaundi oposa 10,000, mtengo umene udali usanaperekedwepo pa wosewera aliyense pa dziko lonse. Masiku amenewo lamulo silinkalola wosewera kulandira zoposa mapaundi 8 pa sabata, kotero mtengo wa Jack udali woposa malipiro a wosewera a zaka 20. Mu 1929 adagulanso Alex James wa ku Preston North End pa mapaundi 8,750. Ku Preston, James adatchuka ndi zigoli, koma Chapman adamubweza pakati kuti azilandira mpira kwa otchinga ndi kuuponya kutali kwa Hulme ndi Bastin. Miyezi yoyamba sizidamuyendere, ndipo ochemerera adayamba kung'ung'udza kuti ndalama zapita m'madzi.

Kung'ung'udzako kudali ndi pogwira. Arsenal idathera pa nambala 2 mu 1926, koma m'nyengo zinayi zotsatira idathera pa nambala 11, 10, 9 ndi 14, ndipo mu 1927 idagonja 1-0 kwa Cardiff City m'ndime yotsiriza ya chikho cha FA. Kukadakhala kuti eni kalabu ankatsata mawu a m'misika, Chapman akadachotsedwa ntchito nyumba isanafike pa denga. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa 26 Epulo 1930, zaka zisanu zija zili pafupi kukwana, Arsenal idatenga chikho cha FA itagonjetsa Huddersfield 2-0, ndipo chigoli choyamba adagoletsa ndi James. Mu 1931 idakhala timu yoyamba ya ku London kutenga ligi, ndi mapointi 66 pa nthawi imene kupambana kunkapereka mapointi awiri okha, ndiponso ndi zigoli 127. Mu 1933 idatenganso ligi, ndipo Bastin, akusewera m'mbali, adagoletsa zigoli 33.

Ntchito ya kunja kwa bwalo

Chapman ndiye adakhazikitsa mwambo wakuti manijala yekha asankhe osewera, ndi kuti zikalakwika mlandu ukhale wake. Komabe sadaiwale kuti mutu umodzi susenza denga: sabata iliyonse ankasonkhanitsa osewera kuti akambirane za masewero apitawo ndi akudzawo, aliyense napereka maganizo ake. Mu 1927 adaika Tom Whittaker, wosewera amene adasiya mpira chifukwa cha kuvulala, kuti aziyang'anira matupi a osewera ndi kuchiza ovulala. Mu 1928 adayesa kuika manambala kumbuyo kwa malaya, zimene akuluakulu a ligi adazikana pa nthawiyo. Mu 1932 adachititsa kuti siteshoni ya sitima za pansi pa nthaka ya Gillespie Road isinthidwe dzina nikhala Arsenal, ndipo mu 1933 adaika manja oyera pa malaya ofiira a timuyo kuti osewera azionana msanga. Malaya otere ndi amene anyamata ochemerera Arsenal amavala m'misika ya dziko lino.

Adalinso munthu wouma mtima pa nkhani ya mwambo. Mu Januwale 1933 Arsenal, imene inkatsogola mu ligi, idagonja 2-0 kwa Walsall, timu ya mu ligi yachitatu, m'chikho cha FA. Tommy Black, mnyamata amene adachita chipongwe wosewera wa adani napereka penate, adagulitsidwa ku Plymouth Argyle patangopita masiku ochepa. Ena angaone kuti chilangocho chidaposa mlandu, pakuti mnyamatayo adali kusewera koyamba m'timu yoyamba. Mbiri ya Chapman siyenera kubisa zimenezi, monganso siyenera kubisa kuti ku Arsenal adali ndi ndalama zimene matimu ambiri adalibe.

Phunziro kwa matimu a kutali ndi mizinda

Wokonda mpira wa ku Chitipa angafunse kuti zonsezi zikumukhudza bwanji, popeza timu ya kwawo singathe kugula David Jack. Chitipa United italowa mu ligi yaikulu ya dziko lino mu 2017 idatsika chaka chomwecho, ngakhale pambuyo pake idabwereramo, ndipo aliyense akudziwa kuti mnyamata akawala ku timu yotere, matimu a ku Blantyre ndi Lilongwe sachedwa kumuona. Yankho lili m'mitengo imene yatchulidwa pamwambapa. Roberts, Hapgood ndi Bastin onse atatu pamodzi sadafike theka la mtengo wa Jack, komabe popanda iwo Jack sakadatenga chikho chilichonse ku Arsenal. Oswestry, Kettering ndi Exeter adali matimu aang'ono onga a m'maboma a kuno. Anyamata otere alipo m'mabwalo a sukulu za ku Wenya, ku Chisenga ndi ku Ifumbo, ndipo amene angawapeze ndi munthu wodziwa chimene akufuna, wolola kuyenda ulendo kukawaona ndi maso ake.

Moyo wa Chapman ukuphunzitsanso za kugulitsa ndi za mabuku. Sunderland idataya wosewera wokalamba, koma chifukwa cha pangano lolembedwa bwino idalandira zoposa zimene idapempha. Kalabu yaing'ono imene ikugulitsa mnyamata wake ili ndi ufulu wofunsa chimene idzalandire mnyamatayo akadzachita bwino kumene akupita. Leeds City idali ndi osewera abwino, koma idatha ndi kufafanizika chifukwa eni ake sadafune kuti mabuku awo a ndalama aonedwe. Ochemerera amene amathera tsiku lonse akutsutsana za maina kawirikawiri safunsa za zinthu ziwirizi, chonsecho ndi zimene zimasunga kalabu kapena kuipha. Ndipo asanafuule kuti woyendetsa timu achoke chifukwa wagonja katatu, ayenera kufunsa ngati munthuyo akudziwa kaseweredwe kamene akumanga. Ngati sakudziwa, ngakhale zaka khumi sizingamuthandize; ngati akudziwa, miyezi itatu ndi yochepa.

Imfa yake

Chapman sadadikire kuti timu yake ikalambe. Idakali pamwamba adayamba kufuna olowa m'malo, ndipo mu 1932 adasandutsa George Male, wosewera wa pakati, kukhala wotchinga wa kumanja. Pa 1 Januwale 1934, m'nyengo yozizira kwambiri, adapita kumpoto kukaonera Bury ikusewera ndi Notts County, ndipo kuchokera kumeneko adakaonera Sheffield Wednesday, imene Arsenal inkayembekezera kukumana nayo. Adabwerera ku London ali ndi chimfine, komabe adapita ku Guildford kukaonera timu yachitatu ya Arsenal, anyamata amene anthu ambiri sankawadziwa ndi maina omwe. Chimfinecho chidasanduka chibayo, ndipo m'bandakucha wa pa 6 Januwale 1934 adamwalira kunyumba kwake ku Hendon, ali ndi zaka 55. Masana a tsiku lomwelo osewera ake adalowa m'bwalo la Highbury kukasewera ndi Sheffield Wednesday, ndipo adalepherana 1-1.

Nyumba imayesedwa mmisiri atachoka. Arsenal idatenga ligi ya nyengo imeneyo motsogozedwa ndi Joe Shaw, amene Chapman adamusiya akuyang'anira timu yachiwiri. Idaitenganso mu 1935 ndi mu 1938 pansi pa George Allison, ndi chikho cha FA mu 1936. Mu Novembala 1934, pamene England idagonjetsa Italy 3-2, Italy ili akatswiri a dziko lonse, osewera asanu ndi awiri mwa 11 a England adali a Arsenal, ndipo kaputeni adali Hapgood, mnyamata wa ngolo ya mkaka uja. Tom Whittaker adadzakhala manijala mu 1947, natenga ligi mu 1948 ndi mu 1953.

Huddersfield Town idali timu yoyamba ku England kutenga ligi katatu motsatizana, mu 1924, 1925 ndi 1926. Arsenal idali yachiwiri, mu 1933, 1934 ndi 1935. Matimu onse awiri adamangidwa ndi Herbert Chapman, ndipo konse kuwiri, pamene chikho chachitatu chinkalandiridwa, iye padalibe.